Chikombole cha Ojambula Makatuni

Alipo anthu ambiri, ana ndi akulu omwe, amene amati akangomva kuti pa kanema payamba Tom and Jerry amasiya zonse zimene amachita. Makolo nawonso mtima umakhala m'malo ana akamaonera makatuni, poti amati izi n'zoseketsa chabe, mulibe zolaula kapena zoopsa monga m'makanema a akuluakulu. Kuseketsa amaseketsadi, ndipo nkhani ino siyoletsa munthu kuseka. Koma pali funso limene lakhala likufunsidwa kwa zaka zambiri, makamaka ku America kumene makatuni otchuka ambiri adachokera. Kodi munthu wakuda, Mluya, Mtchaina kapena munthu wamkazi amajambulidwa motani m'makanema amenewa, nanga mwana woonera amatolapo chiyani?

Pa Chingerezi vutoli amalitcha stereotype. Okonda kufufuza magwero a mawu adzakondwa kumva kuti liwuli lidachokera ku Chigiriki: stereos ndiye kuti cholimba, typos ndiye kuti chidindo. Poyamba lidali liwu la osindikiza mabuku, dzina la chitsulo chimene ankaumbapo tsamba lathunthu kuti adinde nacho masamba ambirimbiri ofanana. Mtolankhani wa ku America, Walter Lippmann, ndiye adalitchukitsa m'chaka cha 1922 ponena za zithunzi zimene timasunga m'mutu za anthu amene sitiwadziwa bwino. Ife tikhoza kungoti chikombole. Woumba njerwa akaponya dothi m'chikombole, kaya ndi la pachulu kaya la kudambo, njerwa zimatuluka chimodzimodzi. Ndi mmenenso amachitira munthu amene amati anthu a mtundu wakutiwakuti onse ndi aulesi, kapena akazi onse ndi amantha. Saonanso munthu amene waima patsogolo pake, amangoona njerwa ya m'chikombole chake.

Tsono n'chifukwa chiyani vutoli limakula m'makatuni? Kanema wamba amajambulidwa ndi kamera, ndipo kamera imatola zimene yapeza. Nkhope ya wosewera ndi imene adabadwa nayo, ndipo nkhuku ikhoza kudutsa kumbuyo kwake mosayembekezeka. Katuni sali choncho. Pa sekondi imodzi pamadutsa zithunzi 24, kotero kuti kanema wa mphindi 80 amakhala ndi zithunzi 115,200, ndipo kale zonsezi zinkachokera ku pensulo ndi utoto, ngakhale kuti zina ankazibwereza. Palibe mphuno, mlomo kapena mtundu wa khungu umene umalowamo mwangozi. Wina adakhala pansi nasankha. Chinanso n'chakuti wojambula amafuna kuti mwana wamng'ono adziwe msanga, nkhani isanapite patali, kuti uyu ndi wabwino, uyu ndi woipa, uyu ndi chitsiru. Njira yachidule ndiyo kubwereka chikombole chimene oonera ali nacho kale m'mutu.

Kumene chikombole chidachokera

Makatuni asanayambe, ku America kudali zisudzo zotchedwa minstrel show. Kuyambira cha m'ma 1830 azungu ankadzipaka makala kumaso, n'kudzilemba milomo ikuluikulu, n'kumavina ndi kulankhula monyoza akapolo achikuda. Wotchuka kwambiri adali Thomas D. Rice, amene ankasewera ngati munthu wotchedwa Jim Crow. Dzinali lidakhazikika mwakuti malamulo a tsankho a kummwera kwa dzikolo, olekanitsa akuda ndi azungu m'sukulu, m'sitima ndi m'malo odyera, adadziwika ndi dzina lomwelo. Ojambula makatuni oyambirira ankazidziwa bwino zisudzo zimenezi ndipo adatengamo zambiri. Akatswiri ena, monga Nicholas Sammond, amati ngakhale magolovesi oyera a Mickey Mouse adachokera komweko. Pali katuni wa 1933, Mickey's Mellerdrammer, momwe Mickey mwini wake amadziphulitsira kabomba kumaso kuti nkhope ide, akasewere ngati kapolo.

M'chaka cha 1940 kampani ya Disney idatulutsa Fantasia. M'menemo muli zolengedwa za m'nthano za Agiriki, kumtunda munthu kumunsi kavalo. Zazikazi zoyera khungu ndi zazitali ndi zokongola, ndipo zikudzikonza kuti zikakumane ndi amuna. Pambali pawo pali kamtsikana kakuda, kakafupi, kotchedwa Sunflower, ndipo ntchito yake ndi kupukuta ziboda za anzakewo. Pofika 1969 kampaniyo idamdula m'kanemayo mwakachetechete.

Mu Dumbo wa 1941, nkhani ya kanjovu ka makutu aakulu, muli zinthu ziwiri. Choyamba ndi amuna akuda amene amazika tenti usiku mvula ili kugwa. Alibe nkhope, ndi matupi okhaokha, ndipo nyimbo yawo imanena kuti sadziwa kulemba ndi kuwerenga ndi kuti malipiro awo amangowamwaza. Chachiwiri ndi akhwangwala asanu, ovala ndi olankhula ngati anthu a m'zisudzo zija. Mtsogoleri wawo pa mapepala a kampani adamtcha Jim Crow, ndipo amene adamlankhulira adali mzungu, Cliff Edwards. Apa pali mtsutso, ndipo ndi bwino kuumva. Akhwangwalawo ndiwo amamvera Dumbo chisoni namthandiza kuuluka pamene njovu zinzake zimamsala. Ena mwa owalankhulira adali oimba achikuda a kwaya ya Hall Johnson. Floyd Norman, wojambula wachikuda amene adayamba ntchito ku Disney mu 1956, adawaikira kumbuyo poyera. Mfundo zimenezi n'zomveka. Komabe munthu wosauka wongokhalira kuseka ndi kuimba, wokoma mtima kwa aliyense koma wopanda nkhani yakeyake, ndi chithunzi chimene eni akapolo ankachikonda kwambiri, chifukwa chinkawapeputsa mtima. Ndiye kuti chikombole chikhoza kukhalapo ngakhale pamene wojambula analibe chidani.

Amene adaonerapo Tom and Jerry wakale akukumbukira mayi wonenepa wa epuloni ndi masilipasi, amene amalowa ndi tsache kudzakalipira mphaka. Ameneyu amadziwika ndi dzina lakuti Mammy Two Shoes, ndipo adaoneka m'makatuni 19 kuyambira 1940 mpaka 1952. Kodi mudaionapo nkhope yake? Pafupifupi nthawi zonse chithunzi chimalekezera m'mapewa kapena m'chiuno. Timaona miyendo, timamva mawu okuwa a Chingerezi chopotoka, basi. Sizidziwika bwino ngati nyumbayo ndi yake kapena ndi wantchito, koma maonekedwe ake ndi a "mammy", mayi wachikuda wolera ana a azungu, amene m'mabuku ndi m'zisudzo za nthawiyo sankakhala ndi moyo wina kunja kwa khitchini ya bwana. Mawu ake ankalankhula ndi Lillian Randolph, katswiri wachikuda wa zisudzo za pa wailesi. Bungwe lomenyera ufulu wa akuda la NAACP lidadandaula, ndipo mayiyo adasiya kuoneka. Chodabwitsa ndi chimene chidachitika m'zaka za m'ma 1960, pamene makatuniwa ankalowa pa wailesi ya kanema. M'malo ena adamfufuta n'kujambulapo mayi wachizungu, nampatsa mawu a June Foray. Sadayese kumpatsa nkhope ndi nkhani. Adangomchotsa.

Nkhani ya Song of the South, kanema wa 1946 wosakaniza anthu enieni ndi makatuni, ikutikhudza mwa njira ina. Nthano zake za Br'er Rabbit zidachokera kwa akapolo a ku Africa, ndipo mzungu wina, Joel Chandler Harris, adayamba kuzisindikiza m'mabuku mu 1880. Br'er Rabbit ameneyu ndi mbale wake wa Kalulu. Iye amakanirira pa chidole cha phula, monga momwe Kalulu wa m'nthano za agogo athu amakanirira pa ulimbo akamaba madzi a pachitsime chimene adakana kukumba. Kwa akapolo nthano zimenezi zidali ndi tanthauzo lobisika, loti wamng'ono akhoza kupulumuka kwa wamphamvu pogwiritsa ntchito nzeru. Koma m'kanemayo zidasanduka zosangalatsira mwana wa mzungu, zofotokozedwa ndi nkhalamba yachikuda yosekerera, pa munda waukulu wa ku Georgia pomwe antchito achikuda amaimba mokondwa ngati kuti padalibe chowawa. James Baskett, amene adasewera ngati nkhalambayo, sadakhale nawo pa tsiku loyamba kuonetsa kanemayo ku Atlanta chifukwa cha malamulo a tsankho a mumzindawo. Mu 1948 adalandira mphotho yapadera ya Oscar.

Mitundu inanso sidapulumuke. Mu Peter Pan wa 1953 eni dziko la America adawapaka utoto wofiira psuu, n'kuwapatsa kalankhulidwe kodukaduka. Mu Lady and the Tramp wa 1955 amphaka awiri achinyengo ali ndi maso opendekeka ndi mano otuluka, monga momwe azungu ankajambulira anthu a ku Asia. Ndipo ife a ku Africa ankatijambula ndi fupa m'tsitsi, tikuvina mozungulira mphika wophikira mlendo, monga mu Jungle Jitters wa Warner Bros. wa 1938. Ameneyu ndi mmodzi mwa makatuni 11 amene kampani ya United Artists idaleka kuwaonetsa mu 1968 chifukwa cha tsankho lake. Patapita zaka, mu 1999, Disney idapanga Tarzan, nkhani yochitikira m'nkhalango ya ku Africa. Muli anyani, njovu, kambuku ndi azungu. Mulibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe. Mankhwala ake adali omwe aja a Mammy Two Shoes.

Chikombole cha m'khutu

Milomo ikuluikulu itatha, chikombole chidasamukira ku mawu. Katswiri wa zilankhulo, Rosina Lippi-Green, m'buku lake la 1997, English with an Accent, adamvetsera anthu ndi nyama 371 za m'makanema 24 a Disney. Adapeza kuti mwa olankhula Chingerezi cha ku America, oipa adali pafupifupi 20 mwa 100 alionse, pamene mwa olankhula ndi lilime lachilendo oipa adali pafupifupi 40 mwa 100 alionse. Adapezanso kuti onse olankhula Chingerezi cha akuda a ku America adali nyama, padalibe wojambulidwa ngati munthu.

Aladdin wa 1992 ndi chitsanzo chosavuta. Onse a m'nkhaniyo ndi a dziko limodzi. Koma Aladdin ndi Jasmine ali ndi nkhope zosalala ndipo amalankhula ngati achinyamata a ku America, pamene alonda ankhanza ndi amalonda a pamsika ali ndi mphuno zazikulu, ndevu zakuda ndi lilime lolemera. Nyimbo yotsegulira inkanena kuti m'dziko limenelo munthu akhoza kudulidwa khutu popanda chifukwa chenicheni. Bungwe la American-Arab Anti-Discrimination Committee litadandaula, mawuwo adasinthidwa pamene kanemayo ankatuluka pa vidiyo mu 1993. Nkhope ndi malilime zidatsala momwemo.

Za afisi a mu The Lion King wa 1994 tisafulumire kuweruza. Kuti fisi ndi wadyera ndi wopusa, nthano zathu nazonso zimatero. Ndipo mfumu Mufasa adamlankhulira ndi munthu wakuda, James Earl Jones. Chimene anthu adadandaula nacho n'chakuti afisi awiri olankhula, amene mawu awo ndi a Whoopi Goldberg ndi Cheech Marin, amamveka ngati anthu a m'makomboni a akuda ndi a ochokera ku Mexico, ndipo amakhala kumalo amdima kumene mwana wa mfumu amaletsedwa kupondako. Mwana wa ku America womva zimenezi amaphunzira kuopa kalankhulidwe asanakumane ndi eni ake.

Tisaganize kuti makampaniwa sadziwa kusamala akafuna. M'buku la Victor Hugo la 1831, munthu woipa Frollo ndi wansembe waudindo pa tchalitchi cha Notre-Dame. M'katuni wa 1996, The Hunchback of Notre Dame, adamsandutsa woweruza milandu, ndipo wansembe wa m'kanemayo ndi munthu wina, wachifundo. Ambiri amati ankapewa kukhumudwitsa okhulupirira. Koma anthu a fuko loyendayenda la Romani, ngakhale kanemayo amadzudzula owazunza, adawaonetsabe ngati opemphetsa onamizira kulumala.

Nanga akazi?

Apa chikombole chimayambira pa pensulo penipeni. Taonani Minnie Mouse. Ndi Mickey yemweyo atamuwonjezera nsidze zazitali, kansalu ka kumutu ndi siketi. Ndiye kuti chithunzi chopanda chizindikiro ndi chachimuna, ndipo mkazi ndi mwamuna wokongoletsedwa. M'mudzi wa timadoda tabuluu totchedwa Smurfs, timene adatiyambitsa ndi Peyo wa ku Belgium, aliyense ali ndi khalidwe lake: wina wanzeru, wina waulesi, wina wophika, wina wokwiyakwiya. Mu 1966 mudalowa mkazi mmodzi, Smurfette, ndipo khalidwe lake lidali kukhala mkazi. M'nthanomo adamuumba ndi mfiti Gargamel kuti akasokoneze mudzi, ali ndi tsitsi lakuda. Atasandulika wabwino, tsitsi lake lidasanduka lachikasu. Mlembi wina wa ku America, Katha Pollitt, mu 1991 adagwiritsa ntchito dzina la Smurfette potchula chizolowezi chimenechi choika mkazi mmodzi yekha pakati pa gulu la amuna.

Atsikana atatu oyamba a Disney amafanana ngati mapasa. Snow White wa 1937 akangolowa m'nyumba ya amuna aafupi asanu ndi awiri amagwira tsache. Cinderella wa 1950 amapirira nkhanza mpaka nsapato itamkwana. Aurora wa mu Sleeping Beauty wa 1959 saoneka mphindi zokwana 20 m'kanema wonena za iye mwini, ndipo nkhani ikafika pachimake iye ali mtulo. Kusesa ndi kupirira si zamanyazi, kaya kwa mtsikana kaya kwa mnyamata. Vuto n'lakuti onse atatu sadzipulumutsa okha, ndipo amapulumutsidwa chifukwa ndi okongola. Akazi amene ali ndi mphamvu ndi zolinga zawo m'makanema amenewa kawirikawiri ndi mayi womupeza, mfumukazi yansanje kapena mfiti.

Anthu ambiri ankayesa kuti zinthu zidasintha ndi The Little Mermaid wa 1989, poti Ariel ndi wochangamuka ndipo amatsutsana ndi bambo ake, ngakhale kuti amagulitsa mawu ake kuti apeze mwamuna. Akatswiri awiri a zilankhulo, Carmen Fought ndi Karen Eisenhauer, adawerenga mawu olankhulidwa m'makanemawa ndipo zotsatira zake zidamveka mu 2016. M'makanema atatu akale aja akazi ankalankhula mofanana ndi amuna kapena kuposa. Koma mu The Little Mermaid amuna adatenga magawo 68 mwa 100, mu Beauty and the Beast 71, mu Pocahontas 76, mu Mulan 77, mu Aladdin 90. Ngakhale mu Frozen wa 2013, nkhani ya mtsikana ndi mkulu wake, amuna adatenga magawo 59. Zidatheka bwanji? Mtsikana wamkulu wa m'nkhani alipo ndithu, koma wogulitsa buledi, msilikali, nduna, bwenzi loseketsa, nkhanu, kandulo wolankhula, pafupifupi onsewa ndi amuna. Wolemba akafuna munthu wamba woti anene mawu awiri, dzanja lake limathamangira kwa mwamuna iye osaganizako.

Anyamata nawonso ali ndi chikombole chawo, cha chifuwa chachikulu ndi chibwano cholimba, ndipo abambo a m'makanemawa, monga a Jasmine ndi a Belle, kawirikawiri ndi timadoda tozunguzika tofuna kuyang'aniridwa ndi ana awo.

Kuti timvetse zonsezi tifunse kuti pensulo idali m'manja mwa yani. Pali kalata ya 1938 imene kampani ya Disney idalembera mtsikana wina wofunsira maphunziro a kujambula. Idamuuza kuti ntchito yolenga zithunzi imagwiridwa ndi anyamata okhaokha, ndi kuti akazi amangotsatira mizere ndi inki n'kupaka utoto. Mkazi woyamba kulembedwa dzina pa kanema wa Disney monga wojambula adali Retta Scott, mu Bambi wa 1942. Kuti mkazi atsogolere nawo kanema wamtali wa Walt Disney Animation Studios padatenga mpaka 2013, pamene Jennifer Lee adatsogolera Frozen pamodzi ndi Chris Buck. Gulu la amuna achizungu likamajambula mkazi wachikuda amene silidakhale naye pansi n'kucheza, lingatenge kuti chithunzi chake kupatula m'zisudzo zimene lidaonera?

Zasinthapo zingapo. Merida wa mu Brave wa 2012 ndi Moana wa 2016 amamaliza nkhani zawo popanda ukwati. Mu 2020 Disney idaika chenjezo kumayambiriro kwa Dumbo, Peter Pan ndi ena, lovomereza kuti mmene adajambulira mitundu ina mudali molakwika. Mu 2009 mudabwera Tiana wa mu The Princess and the Frog, mwana wamkazi wa mfumu woyamba wachikuda wa Disney, mtsikana wolimbikira ntchito wofuna kutsegula malo akeake odyera ku New Orleans. Koma gawo lalikulu la kanemayo Tiana amakhala chule. Mu Soul wa Pixar wa 2020 mphunzitsi wachikuda Joe Gardner nayenso amakhala nthawi yaitali ali kamzimu kabuluu, kenaka ali m'thupi la mphaka. Ana achikuda amene adadikira zaka zambiri kuti aone nkhope yonga yawo adaiona kwa kanthawi chabe.

Wofuna kuona mmene zimakhalira wojambula akamawadziwa anthu ake, afunefune Kirikou et la sorcière wa 1998. Adampanga ndi Michel Ocelot, Mfalansa amene adakulira ku Guinea, ndipo nyimbo zake ndi za Youssou N'Dour wa ku Senegal. M'mudzi wa kamnyamata Kirikou muli amantha, odzitama, oiwala msanga zabwino ndi mayi wofatsa wanzeru, aliyense ndi nkhope yake. Mfiti Karaba ndi yokongola, ndipo funso limene Kirikou amafunsa akuluakulu mosalekeza ndi lakuti n'chifukwa chiyani Karaba ali woipa. Yankho lake ndi munga umene amuna ena adamubaya nawo pamsana.

Pafupi ndi kwathu kuno, Malenga Mulendema wa ku Zambia, amene adakula akuonera makatuni opanda ngwazi yofanana naye, adayambitsa Supa Team 4, amene adatuluka pa Netflix mu 2023. Ndi nkhani ya atsikana anayi a sukulu, Komana, Monde, Temwe ndi Zee, amene amateteza mzinda wa Lusaka wa m'tsogolo motsogozedwa ndi mayi wachikulire, Mama K. Olemba ake onse adali akazi a ku Africa, ndipo amene adakonza maonekedwe a atsikanawo ndi Malcolm Wope wa ku Cameroon. Ntchitoyo idayendetsedwa ndi makampani a Triggerfish a ku Cape Town ndi CAKE a ku London. Chovuta n'chakuti kuonera Netflix kumafuna intaneti ndi ndalama za mwezi ndi mwezi, kotero kuti mwana wa kumudzi ku Chipata kapena ku Mchinji akhoza kukumana ndi miyendo ya Mammy Two Shoes m'kanyumba ka vidiyo ka pamsika asanamvepo dzina la Temwe.